Mpata wa Zala Ziwiri

Sajeni anali atangovula nsapato imodzi, ataweruka ku ntchito m'mawa umenewo, pamene mlamu wake analowa osaodira. Anali mlongo wa mwamuna wake, wotsiriza kubadwa m'banjamo, ndipo ngakhale anali ataphunzira mpaka kufika pa digiri yachiwiri ku yunivesite, pakhomo aliyense ankangomuitana kuti Mzime.

"Alamu, akundithamangitsa."

"Ndani? Chibwenzi?"

"Sukulu. Komiti ikumana mawa m'mawa. Akuti ndinapeka zotsatira za kafukufuku wanga."

Sajeni anabwezera phazi m'nsapato muja.

"Khala pansi, thira tiyi, uyambire poyambira. Ndipo ulankhule chilankhulo cha anthu, osati chanu chija cha ophunzira."

Mzime anafotokoza akuthira tiyi. Maphunziro ake anali a zachilengedwe, ndipo iye ankafufuza mtsinje wodutsa kuseri kwa fakitale ina yaing'ono yophwanya ndi kusungunula mabatire akale a galimoto. Kumunsi kwa fakitaleyo anthu amatunga madzi, amasambitsa ana, amathirira ndiwo zamasamba. Malo aliwonse amene ankatungapo, ankadzaza mabotolo awiri. Limodzi ankaliyeza nthawi yomweyo, linalo ankalitseka n'kulisunga m'chipinda chozizira kuti likhale mboni. Mabotolo oyambawo anaonetsa mtovu wochuluka, womwe umawononga ubongo wa ana. Eni fakitale atamva anadandaula, sukulu inalamula kuti mboni zija ziyezedwe. Anasankhapo mabotolo angapo. Madzi ake anapezeka abwinobwino, opanda mtovu.

"Ndiye akuti ine ndine wabodza. Akandichotsa, alamu, sindidzalembedwanso ntchito imeneyi kulikonse, ndipo za mtsinje uja zithera pomwepo."

"Taona zimene wachita!" anatero Sajeni akuloza kapu. Tiyi anali atadzaza mpaka m'milomo, akutsetserekera pa tebulo. "Ndiinyamula bwanji imeneyi? Achimwene ako sananame, iwe unabadwa wopanda mabuleki."

Mzime sanaseke. Sajeni anawerama n'kupsontha tiyiyo kapu ili pansi pomwepo.

"Mabotolo ako ungawadziwe bwanji?"

"Mapepala omata pabotolo amatuluka m'makina, aliyense akhoza kusindikiza. Koma kumtsinje amanyowa n'kumatuka, ndiye ine ndimakanda nambala kunsi kwa botolo lililonse ndi msomali."

"Unawauza zimenezo?"

"Mu labu anandiletsa kupondamo. A Pulofesa ondiyang'anira ndinawauza pa foni, anangoti ndikanene ku komiti."

Sajeni anamanga zingwe za nsapato. Tulo take anatiika padera ngati mbale yodzadyera mawa.

"Kudandaula kwako ndakulandira ngati wapolisi, osati ngati mlamu. Foni yako isazime."

* * *

Woyang'anira labu anali bambo wamfupi wa dazi, amene ophunzira anamupatsa dzina lakuti Makiyi chifukwa ankamveka kulira kwa makiyi a m'chiuno mwake iye asanaoneke.

"Apolisi tsopano! Kwangotsala ozimitsa moto," anadandaula akutsegula chitseko cholemera cha chipinda chozizira. "Ine amayi, kiyi uyu ndimagona naye, ndimasamba naye. Mkazi wanga amachita naye nsanje."

M'katimo munali mashelefu achitsulo odzaza mabotolo apulasitiki. Mphepo yake inali yoluma m'mano. Makiyi analoza shelefu ya pakati.

"A mlamu wanuwo ndi awa. Awa akumapetowa ndi amene anayezedwa. Enawa sanatsegulidwe, onani nokha, mkombero wa pachivundikiro sunaduke."

Sajeni anatenga botolo limodzi losatsegula n'kulitembenuza. Kunsi kunali see, kosalala ngati chipumi cha khanda. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana mzere wonsewo, ndipo anaona chinthu china chimene sanabwerere. Madzi a m'mabotolo onse osatsegulawo analekezera pamalo amodzi, ngati anachita kuyeza ndi lula. Anaika zala zake pakhosi pa botolo. Kuchoka pamadzi kufika pachivundikiro panakwana zala ziwiri.

Anakumbukira kapu ya tiyi ija.

"Bambo, kiyi ameneyu sanachokepo m'chiuno mwanu ngakhale tsiku limodzi?"

"Ngakhale mphindi."

"Simunadwalepo? Simunapite ku maliro? Munthu wamwayi inu."

Makiyi anakanda dazi lake. 

"Kupatula sabata ija mkazi wanga anagonekedwa m'chipatala, mwezi wathawu. Nanga ndikanatani? Ntchito za anthu ziime? Ndinkamusiya kuseri kwa chozimitsira moto icho."

"Ankadziwa ndani?"

"Palibe." Kenaka anaonjezera: "Kupatula a m'dipatimenti muno."

"Onse?"

"Chinsinsi cha muno, amayi, chimayenda msanga kuposa mphekesera ya malipiro."

Potuluka, Sajeni anaona kabati yokhoma yolembedwa chenjezo ndi utoto wofiira.

"Umu muli chiyani?"

"Asidi. Ofufuza mtovu ndi zitsulo zina amadontheza pang'ono m'botolo kuti madzi asasinthe. Amene anayeza mboni zija anati asidi analimo bwinobwino. Ndiye musaganize kuti ndi wosesa anachita zimenezi. Wosesa angadziwe za asidi?"

"Aliyense muno amagwiritsa asidi?"

"Ayi. Ofufuza tizilombo sayandikira n'komwe. Asidi amapha tizilombo tawo, ndiye awerenga chiyani?"

* * *

Pulofesa anamulandira ataimirira, chikwama chili kale m'manja. Anali munthu wamtali wolankhula akuyang'ana wotchi.

"Mayi, ndili ndi kalasi. Mtsikana ameneyu ndinkamudalira kuposa onse, musaganize kuti ndikusangalala. Koma sayansi siyendera chifundo."

"Mabotolo ali m'chipinda chozizira si ake. Ake ali ndi nambala kunsi."

"Watero ndani? Iye yemweyo. Mawa ndikaime pamaso pa komiti ndinene kuti woimbidwa mlandu akuti ankakanda ndi msomali? Adzandifunsa kuti okandawo ali kuti."

"Sabata imene bambo wa makiyi anali kuchipatala, inu munali kuti?"

Pulofesa anachotsa maso pa wotchi koyamba.

"Mukundiganizira ine? Ndinali kunja kwa dziko, ku msonkhano. Ndinalankhula pamaso pa holo yodzaza, mukafunse."

"Ndikafunsa. Mlamu wanga amadzaza bwanji mabotolo ake?"

Mosayembekezereka, bamboyo anaseka.

"Mpaka kusefukira! Ndinalimbana naye chaka chonse. Ankanyowetsa makatoni, ankanyowetsa mpando wa galimoto ya dipatimenti. Ndinamuuza kuti pa ntchito ya mtovu sikofunika kutero, koma mutu wake ndi mwala."

"Ali m'chipinda chozizirawo ali ndi mpata wa zala ziwiri. Onse."

Pulofesa anaika chikwama pa tebulo pang'onopang'ono.

"Sindinawayang'ane," anatero motsitsa mawu. "Ndinangowerenga zotsatira." Kenaka anadziwongola. "Komabe mpata si umboni. Ndipatseni mabotolo enieniwo, osatsegula, ndidzamuimira ndi miyendo iwiri. Popanda amenewo sindingathe."

"Wakubayo anawathira m'sinki kalekale."

"Ngati ndi wa muno, ayi. Tsiku loyamba ndimauza wophunzira aliyense kuti sinki ya labu ino imathera mumtsinje. Wothira mtovu m'sinki, kwa ine anafa. Ophunzira anga amachita kulota mawu amenewa."

Sajeni anawasunga mawuwo osadziwa kuti adzawagwiritsa pati.

"Mlamu wanga amakhala tebulo limodzi ndi ndani?"

"Ndi mnzake wapamtima, mnyamata wa digiri yachitatu. Amafufuza tizilombo ta m'zitsime za m'midzi. Anzake amangomuti Wazitsime. Koma ameneyo musamuvutitse, walira naye limodzi sabata yonse."

* * *

Wazitsime anali pa tebulo lake atavala chovala choyera, akuphunzitsa manja ake ntchito imene anali kuidziwa kale. Anali munthu wofatsa, wa maso otopa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa wina.

"Ndinu alamu ake? Amakutchulani kawirikawiri. Ali bwanji? Akudya koma?"

"Akudya misozi. Pitirizani ntchito, achimwene, ine ndimakonda kuonerera."

Mnyamatayo ankathira madzi kuchoka m'chigubu kupita m'mabotolo ang'onoang'ono. Dzanja lake linkaima lokha, iye osayang'ana n'komwe. Botolo loyamba, lachiwiri, lachitatu, onse analekezera pamalo amodzi.

"Bwanji simukudzaza? Madzi akudula?"

Wazitsime anamwetulira, nkhope ya munthu amene wafunsidwa za chinthu chimene amachikonda.

"Tizilombo timakonda kudikha pansi kapena kumatirira m'mbali. Tisanawerenge timayenera kukhutchumula botolo kuti tibalalike. Likadzaza silikhutchumuka. Ndiye timasiya mpata." Anaika zala ziwiri pakhosi pa botolo. "Chonchi. Ukachita zaka zingapo dzanja limadziwa lokha."

"Madzi saiwala khwawa," anatero Sajeni.

"Eya, n'zoona."

"Sabata imene mkazi wa bambo wa makiyi anali m'chipatala, inu munali kuti?"

"Kumidzi, ku zitsime. Sabata yonse. Woyendetsa galimoto angakuuzeni."

"Ntchito yowawa. Ndiye madziwo mumasonkhanitsa a sabata yonse, n'kubwera nawo Lachisanu?"

"Ayi ndithu! Tizilombo sitidikira munthu. Timaswana kapena kufa. Madzi ukatunga m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale atafika mu labu, apo ayi wataya..."

Anaima. Chigubu chinali chidakali m'manja mwake, chopendekeka, koma madzi sankatuluka.

"Malizani, achimwene. Apo ayi wataya chiyani?"

"Wataya tsiku."

"Ndiye kuti sabata imeneyo munkabwera muno madzulo aliwonse, anzanu ataweruka, kiyi ali kuseri kwa chozimitsira moto."

"Ndinkabwera kudzasiya madzi anga. Si mlandu."

"Si mlandu. Nanga zipsera izi?"

Kuseri kwa manja ake kunali timabala takale, toyera, tambirimbiri, ngati munthu amene anawazidwa mafuta otentha.

"Asidi wa mu labu."

"Inu a tizilombo simuyandikira asidi. Ndipo zipsera izi zinakula nanu limodzi, ndi za paubwana. Ndi ntchito yanji imene mwana amadonthokeredwa asidi m'manja tsiku ndi tsiku?"

Wazitsime anaika chigubu pansi, nalowetsa manja m'matumba a chovala chake.

"Amayi, ndine wotanganidwa. Anthu osiya mpata m'botolo alipo ambiri padziko. Ngati muli ndi umboni ndimangeni. Ngati mulibe, chitseko ndi icho."



* * *

Sajeni anatuluka n'kukaima pakhonde la kuseri kwa labu. Dzuwa linali litapendeka. Munthu anali atamudziwa, koma kudziwa sikulowa m'komiti. Mawa m'mawa Mzime adzaima yekha ndi nkhani yake ya msomali.

Anayesa kuganiza ngati mnyamata uja. Wasindikiza mapepala atsopano, wadzaza mabotolo atsopano ndi madzi abwino, wadonthezamo asidi monga anaonera mnzake akuchita. Tsopano m'manja mwake muli katoni ya madzi a mtovu. Wakuba wamba akanathira m'sinki, kapena m'ngalande, kapena pa kapinga. Koma uyu si wakuba wamba. Uyu ndi wophunzira wa Pulofesa uja, wolota mawu a Pulofesa.

Chapatali lole inali kubwerera chafutambuyo, ikulira pii, pii, pii. Sajeni anabwerera m'kati mothamanga n'kupeza Makiyi akudya nthochi.

"Zinthu zoopsa zimene simuthira m'sinki mumataya kuti?"

"Ku shedi ya zinyalala zoopsa, kuseri kwa malo oimika magalimoto. Zimadikira kumeneko mpaka lole ya kampani ibwere. Imabwera mwa apo ndi apo, ikafuna." Anatchera khutu. "Imene ikulirayo ndi yomweyo."

Sajeni anali atasiya kuthamanga zaka zambiri zapitazo, ndipo mawondo ake anamukumbutsa zimenezo panjira yonse. Anaimba foni akupuma mwabefu.

"Mzime! Kwera chilichonse chili ndi mateyala. Shedi ya zinyalala. Pompano!"

Atafika anapeza amuna awiri ovala magolovesi akukweza migolo ya buluu. Pakhomo pa shediyo panaima mayi wonenepa wovala jombo, manja ali m'chiuno.

"Imani kaye! Apolisi!"

"Apolisi pa zinyalala?" anatero mayiyo. "Mwasowa akuba m'tauni?"

"Mayi, mnyamata wa zitsime uja anabweretsapo kanthu kuno mwezi wathawu?"

"Wofatsa uja? Anabweretsa katoni. Ndinadabwa, chifukwa zinyalala zake amaziphika yekha mumphika wawo wa nthunzi uja, kuno sabwera. Anafuna kungosiya n'kumapita. Ndinati ayi bambo, kuno sindilandira mwana wopanda dzina, nenani muli chiyani. Anaima, anaima, kenaka anati madzi a mtovu, muwaike kutali ndi mvula. Anandithandizanso kuikweza pa shelefu."

"Ili kuti?"

Mayiyo analoza lole ndi chibwano.

"Yalowa kale. Ili mkati mwenimweni, kuseri kwa migolo."

Woyendetsa lole anayamba kulalata za nthawi, za msewu, za abwana ake. Sajeni anamuyang'ana mpaka mawu anamuthera.

"Tsitsani migolo. Yonse. Ndikuthandizani."

Anaitsitsa. Thukuta linali litanyowetsa malaya a Sajeni pamene katoniyo inatuluka, yomangidwa bwino ndi tepi, yopanda dontho lililonse. Nthawi yomweyo Mzime anatsika pa njinga yamoto, tsitsi lili balala. Kumbuyo kwake kunkabwera Pulofesa, amene Makiyi anakamutulutsa m'kalasi, ndi Makiyi mwiniwake, makiyi a m'chiuno akulira ngati belu la ng'ombe.

"Musakhudze, a Pulofesa ayambe ndiwo," anatero Sajeni akudula tepi.

Mapepala a pamabotolo anali atamatulidwa. Koma mikombero ya pazivundikiro inali yosaduka, ndipo madzi anali odzaza mpaka pakamwa, opanda ngakhale kampweya. Pulofesa anatenga limodzi, nalitembenuza, nasisita kunsi ndi chala chachikulu. Nambala inali pomwepo, yokhotakhota, yokandidwa ndi msomali. Anatenga lina, ndi linanso.

"Awa ndikayezetsa ku labu ina, osati yathu," anatero. "Komiti idikira. Mwana wanga, ndinayenera kupita kukayang'ana ndekha."

Mzime anali kuyang'ana kwina. Maso ake anali pa munthu amene anaima pakona pa shedi, chovala choyera chili pamkono. Palibe amene anamuitana Wazitsime. Anabwera yekha.

"Iwe?" anatero Mzime. "Iwe amene unandionetsa kanjira ka kuseri kwa fakitale? Amene unkandinyamulira katoni?"

"Kanjirako ndinakadziwa chifukwa ndinakulira pamenepo." Wazitsime ankayang'ana pansi. "Fakitale ija ndi ya achimwene anga. Makolo atamwalira anandilera ndi iwowo. Ndinkaphwanya nawo mabatire ndikaweruka ku sukulu, iwo n'kumati iwe phunzira, usadzafe ndi utsi uno ngati ine. Atamva kuti fakitale itsekedwa anabwera kwanga. Sanandikalipire. Anangokhala pampando n'kuyamba kulira. Ndinkaganiza kuti a sukulu adzangokuuza kuti ubwereze kafukufuku, achimwene apeze nthawi yokonza ngalande. Za kukuchotsa sukulu sindinaziganize."

"Koma utamva unakhala chete. Unkandigulira chakudya, n'kumandiuza kuti ndilimbe mtima."



Sajeni anapukuta thukuta ndi mkono. Pa ntchito yake anali ataona akuba a mitundu yonse, koma funso limodzi linkamuyabwa.

"Achimwene, tandiuzani. Sinki inali pompo, panalibe wokuonani. Mukanathira, bwenzi lero ndikubwerera kunyumba chimanjamanja. Chinakuletsani n'chiyani?"

Wazitsime anadzutsa mutu, akuoneka wodabwa kuti munthu angafunse zimenezo.

"Sinki ija imathera mumtsinje. Kumunsi kuli ana."

 

"Ana omwewo," anatero Mzime, "amene akumwa za achimwene ako tsiku lililonse."

 Wazitsime anapinda chovala chake choyera bwinobwino, nachipereka kwa Makiyi, n'kutembenukira kwa Sajeni.

"Tipite, amayi. Ndikanena zonse. Ndikanenanso pamene ngalande yobisika ya fakitale imatulukira, chifukwa mlamu wanu sanapapeze. Mtovu wambiri uli pamenepo."

Sajeni anamugwira pamkono, osati mwamphamvu. Atayenda pang'ono anatembenuka. Mzime anali atagwada, akubwezera mabotolo ake m'katoni limodzilimodzi, misozi ikugwera pa zivundikiro. Pulofesa anafuna kumulandira katoniyo, koma iye anaikumbatira pachifuwa n'kuimirira nayo yekha.

"Uyende nayo bwino, mlamu," anakuwa Sajeni. "Ndipo kuyambira lero, kapu yanga uzidzaza mmene ukufunira."